Kodi kutopa posamalira agogo ndi tchimo?

Agogo akayamba kuiwala maina a ana awo ndi kumasochera usiku, ena amati ayamba kutamba. Ayi abale, amenewa ndi matenda a ubongo, ndipo lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Koma ine mtima wanga uli pa mwana wawo wamkazi uja: amawasambitsa yekha, tulo sakuona, kenaka amakalapa kuti anawakalipira. Kutopa si kuphwanya lamulo lachinayi la Mulungu. Mlandu mwina ndi wathu a mumphakati, amene timadikira maliro kuti tifike pakhomopo. Tiyeni timperekeze ku chipatala cha boma cha Ntcheu, agogowo akaonedwe ndi a matenda a maganizo. Ku St John of God ku Lilongwe nakonso amathandiza. Loweruka lino wina akatsale ndi agogo, mwanayo agoneko.