Kodi Mwana Wolephera Kuwerenga Ali ndi Mlandu?

Kulephera n'kosiyana ndi kukana, koma kwa munthu woonera kunja ziwirizi zimafanana. Funso lakuti munthu ayenera kudzudzulidwa liti ndi lakale m'chipembedzo ndi m'maphunziro a nzeru zakuya, ndipo limaonekera bwino pa vuto la maso osagwirizana poyang'ana pafupi, limene madokotala amalitchula kuti convergence insufficiency.

Diso lililonse limayendetsedwa ndi minofu 6. Powerenga, maso onse awiri amatembenukira pang'ono chakumphuno kuti alunjike pa chilembo chimodzi, ndipo ubongo umaphatikiza zithunzi ziwirizo kukhala chimodzi. Mwa ana ena maso sakhalitsa atalunjika choncho. Zilembo zimaoneka ziwiriziwiri kapena ngati zikuyendayenda, mutu umawawa, tulo timamugwira mwanayo, ndipo amasochera mzere. Posakhalitsa amasiya buku n'kuyamba kusewera. Akulu akaona zimenezi amati ndi waulesi, wosamva kapena wosakhazikika maganizo.

Vutoli limabisika mosavuta. Tchati cha zilembo chimene Herman Snellen wa ku Netherlands adakonza mu 1862 chimayeza diso limodzilimodzi, munthu ali patali mamita 6. Mwana akhoza kuwerenga tchaticho mpaka pansi n'kuuzidwa kuti maso ake ali bwino, chonsecho buku lili m'manja likumuzunza. Nthawi zambiri sadandaula, poti amaganiza kuti aliyense amaona choncho. Zizindikiro zake zimafanananso ndi za ADHD, vuto lakusakhazikika maganizo. Kafukufuku wa ku San Diego wa mu 2005 adapeza kuti ana a vuto la masoli ankapezeka ndi ADHD pafupifupi katatu kuposa ana ena onse.

Aristotle, m'buku lachitatu la Nicomachean Ethics, adaphunzitsa kuti kuyamikira ndi kudzudzula kumayenera pa zimene munthu wachita mwa kufuna kwake. Chitsanzo chake chidali cha maso: wakhungu chibadwire kapena chifukwa cha matenda amamveredwa chisoni, pamene wodziwononga yekha maso ndi uchidakwa amadzudzulidwa. Immanuel Kant naye adati udindo umagwira munthu pa chinthu chimene angathe kuchita. Mu Yohane 9, ophunzira a Yesu adafuna kudziwa amene adachimwa kuti munthu abadwe wosaona, iyeyo kapena makolo ake, ndipo Yesu adakana zonse ziwiri. Onsewa akugwirizana pa mfundo imodzi: kuvutika kwa thupi si umboni wa mlandu. Komabe khungu limaoneka, pamene maso osagwirizana saoneka. Choncho mlandu umachoka kwa mwana n'kugwera woweruza amene wagamula asanafufuze.

Palinso kulakwitsa kwina, kokankhira vuto lililonse la kusukulu ku maso. Kafukufuku wa ku America wa mu 2008, wa ana 221, adaonetsa kuti masewera olimbitsa maso ochitidwa kuchipatala kwa milungu 12 adathandiza pafupifupi ana atatu mwa anayi alionse. Koma kafukufuku wotsatira, wa mu 2019, adapeza kuti chithandizochi sichidakweze luso lowerenga kuposa chithandizo chongoyerekezera. Dyslexia, vuto lina lolepheretsa kuwerenga bwino, nayo imachokera ku mmene ubongo umagwirizanitsira mawu ndi zilembo, osati ku minofu ya maso. Mwana mmodzi akhoza kukhala ndi mavuto awiri kapena atatu pamodzi, ndipo lililonse limafuna chithandizo chakechake.

Chifundo chopanda kufufuza chimasocheretsa mofanana ndi ukali wopanda kufufuza, pakuti zonse ziwiri zimapereka dzina vuto lisanadziwike. Chilungamo chimafuna kuti mwana wothawa buku ayambe wafunsidwa zimene amaona akamawerenga, kenako ayezedwe ndi katswiri wa maso mmene maso ake amagwirira ntchito pamodzi poyang'ana pafupi. Mawu akuti ulesi ndi oyenera pokhapokha zitatsimikizika kuti mwanayo angathe koma sakufuna.