Za Ziboo za m'Nsaru Yoluka

Amai ambiri a ku Nathenje ndi ku Mitundu adziwa kuluka, ena ndi singano zogula, ena ndi masipoko a njinga. Luso limeneli linafala ndi sukulu za misyoni, monga ku Mvera kumene nchito inayamba mu 1889, ndi ku Nkhoma kumene inayamba mu 1896. Mwa zoluka zonse, yobvuta koposa ndiyo nsaru ya ziboo, imene ambiri ati lesi, yoyala pa gome kapena yofunditsa khanda. Ku zisumbu za Shetland, kumpoto kwa Scotland, aluka yopyapyala kotero kuti ipyola m'mphete ya ukwati.

Woluka nsaru yotere atsata pepala la citsanzo. Pepalalo ligawika timabokosi, ndipo kabokosi kamodzi ndiko kamfundo kamodzi ka ulusi pa singano. Awerenga kuyambira pansi kukwera m'mwamba, mzere woyamba kucokera kumanja, mzere wobwerera kucokera kumanzere. Pamene palembedwa kanthu kozungulira ngati dzira, angokoleka ulusi pa singano, ndipo pamenepo padzakhala ciboo. Pamene pali kamzere kopendekeka, aluka timfundo tiwiri pamodzi kuti tikhale kamodzi. Taonani nzeru yace: ciboo cionjezera kamfundo kamodzi, kamzere kopendekeka kacotsa kamodzi, ndipo iye amene anayamba mzere ndi timfundo 40 autsiriza ndi 40. Ciboo ca pa pepala ciri ndi cocigwira.

Koma pali ciboo ca mtundu wina. Woluka akaodzera, kapena akatengeka ndi nkhani za anzace, kamfundo kapulumuka pa singano nikamasuka mzere ndi mzere kutsikira pansi. Kwa woona patali ziboo ziwirizi zifanana. Wozisiyanitsa ndiye amene awerenga timfundo tace ndi kulinganiza pa pepala.

Abale ndi alongo, moyo wathu uli nazo ziboo zambiri: maliro, nthenda, njala, umphawi. Zikatigwera, wina ati, Ndi cifuniro ca Mulungu. Wina ati, Andilodza. Tsono tifunsane: kodi ziboo zonse zinalembedwa pa pepala la Mwini moyo?

Zina zinalembedwa ndithu. Yobu anataya ana ndi cuma wosalakwa iye, ndipo abwenzi ace amene anamfunira colakwa anadzudzulidwa ndi Mulungu. Ziripo zowawa zimene sitikadaziletsa ngakhale tikadakhala maso usiku wonse. Pa izi tiphunzire kwa woluka. Pa mizere yoyamba saona duwa kapena tsamba. Aona makwinya okha, pakuti nsaru ya ziboo ionetsa maonekedwe ace itatha kucapidwa ndi kutambasulidwa kuti iume. Koma iye saleka, popeza akhulupirira wolemba pepala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Cifukwa cace tisamuunjikire mlandu mnzathu wolira, ndipo wolirayo asadziimbe mlandu pa cimene sicinali m'manja mwace.

Koma zina, tinene mosabisa, ndi timfundo timene tinagwetsa tokha. Bambo atengera cimanga cace conse ku msika wa Mitundu atangokolola, pamene mtengo uli pansi, ndalama nizithera ku mowa. Pofika Januwale nkhokwe iribe kanthu, ndipo ati Mulungu wamyesa. Mwana atentha thupi ndi malungo masiku atatu, makolo nazengereza kunka naye ku cipatala. Mwana akapita, aloza cala nkhalamba ya pa mudzi. Ngakhale dziko lonse ligwa m'cinthu comweci. Pa njala ya mu 2002 nyengo inabvutadi, koma cimanga ca m'nkhokwe za dziko cinali citagulitsidwa kale, ndipo anthu ambiri anafa. Yosefe ku Aigupto sanaletsa zaka 7 za njala, koma anasunga dzinthu pa zaka 7 za zokolola zambiri, ndipo anthu anapulumuka.

Kumkankhira Mulungu ulesi wathu ndiko kucimwa kawiri, pakuti talakwa, ndiponso tamnamizira Iye. Kumkankhira mnansi ndiko kupasula mudzi. Ndipo coipa cina ndi ici, kuti munthu woyesa kulakwa kwace cifuniro ca Mulungu sakonza kanthu. Caka ca mawa agwetsa kamfundo komweko.

Nanga tidzasiyanitsa bwanji? Woluka wanzeru awerenga timfundo pa kutha kwa mzere uli wonse. Akapeza 39 m'malo mwa 40, saluka mzere wina kufikira atapeza kotayikako. Kamfundo kopezeka lero akweza ndi singano, osaononga kanthu. Kopezeka patapita sabata kafuna kumasula nchito ya masiku ambiri. Ndipo pamene cizindikiro camzunguza, sacita manyazi kufunsa mai wina wa Cigwirizano amene analuka kale citsanzo comweco.

Momwemonso ife. Madzulo ali onse tilinganize macitidwe athu ndi Mau a Mulungu, tiwerenge za m'nkhokwe nyengo ya njala isanafike, tifunse akuru a mpingo pamene tasokonezeka. Cimene tinagwetsa tokha ticibvomere ndi kucikonza msanga. Cimene sitinagwetsa ife ticisiye m'manja mwa Iye amene aona nsaru yonse, ndipo tiluke mzere wotsatira.