Kodi Wogwidwa Akadali Munthu?

Mbuzi ikabedwa m'mudzi, mtima umawawa. Mbuzi ndiyo ndalama ya sukulu, ndiyo mankhwala a mwana, ndiyo ndiwo ya pamaliro. Tsono wakuba akagwidwa, ambiri timafuula kuti, "Amenyedwe, aulule anzake!" Apolisi akamtenga, timati nkhani yatha. Sitifunsa kumene wagona, cimene wadya, kapena tsiku limene adzaonekere kwa woweruza. Lero tiyeni tiganizire pamodzi funso ili: kodi munthu akatsekeredwa, umunthu wake umatsala panja?

Agogo athu adaziona zimenezi. Pa nthawi ya Apwitikizi, asipayo ankagwira munthu cifukwa ca msonkho kapena cibalo, ndi kummenya mbalamatodya mpaka manja kutupa. Panalibe wofunsa. Dziko lidalandira ufulu mu 1975, koma ndodo sidathe tsiku lomwelo. Mu 1981 Pulezidenti Samora Machel adadzudzula poyera apolisi ndi asilikali amene ankamenya ndi kumanga anthu popanda cifukwa. Komabe mu 1983 boma lidaika lamulo lokwapula olakwa ndi cikoti pagulu. Lamulolo lidacotsedwa mu 1989, ndipo mu 1990 cilango ca imfa cidathetsedwa. Apa tikuphunzira cinthu cimodzi. Mphamvu yopanda woiyang'anira imasokera, kaya ili m'manja mwa mlendo, kaya ili m'manja mwa mbale wathu.

Kutsekera munthu kokhako kungathenso kupha. Mu 2000, ku Montepuez m'cigawo ca Cabo Delgado, anthu oposa 80 adafera m'citokosi ca apolisi. Adawapanikiza ambiri m'cipinda cacing'ono ndipo mpweya udawathera. Bwalo linali lisadagamule mlandu wao.

Tisaganize kuti izi ndi za kutali zokha. Mu 2009 ndi 2010 kampani ya Vale idasamutsa mabanja ambiri ku Moatize kuti ikumbe malasha. Oposa 700 adapita ku Cateme, ndipo pafupifupi 300 adabwera kuno ku 25 de Setembro. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme adatseka njanji podandaula za minda yosabereka ndi nyumba zong'ambika. Apolisi adawabalalitsa ndi mphamvu, nagwira anthu 14. Amenewa sadali akuba mbuzi. Adali alimi ngati ife. Citseko cimene cimatsekera wakuba ndi comweco cimene cimatsekera mlimi wodandaula. Akuluakulu adati, caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Wina anganene kuti, "Nanga wobedwa uja? Mukumvera cisoni wakuba, mwaiwala mwini mbuzi." Funsoli ndi labwino. Wakuba alangidwe ndithu, ndipo alipire. Koma tidziwe poyamba kuti wakubayo ndi iyedi. Ndodo sidziwa coona. Munthu akamenyedwa kwambiri amavomera ngakhale cimene sadacite, kuti ululu uleke. Pamene ife tikukondwa kuti waulula, wakuba weniweni ali pa msika wa ku Zóbuè, akuwerenga ndalama za mbuzi ija. Wobedwa sadapindule kanthu, ndipo m'mudzi mwaonjezeka banja lina lolira.

Kuyang'anira apolisi si kudana nao. Wapolisi ndi mwana wa munthu, ndipo usiku pakavuta timathamangira kwa iye. Koma taonani mwambo wathu. Mfumu siiweruza mlandu yokha m'nyumba yotseka. Imakhala pabwalo ndi nduna zake, anthu akumva, ndipo woimbidwa mlandu amapatsidwa mpata woyankhula. Makolo sadaike mwambowu cifukwa coti mfumu ndi yoipa. Adadziwa kuti munthu aliyense angathe kulakwitsa, ndipo pamene pali maso ambiri dzanja limacita manyazi.

Malamulo a Mozambique amanenanso zomwezo. Munthu amakhala wosalakwa mpaka bwalo litampeza wolakwa. Kuzunza munthu ndi koletsedwa, ngakhale iye atapha mnzake. Wogwidwa ayenera kuonekera kwa woweruza asadapite maola 48, ndiye kuti masiku awiri. Mu 2013, bungwe la Liga dos Direitos Humanos litadandaula, bwalo la Conselho Constitucional lidagamula kuti woweruza yekha ndiye angalamule kuti munthu amangidwe podikira mlandu. Wapolisi angagwire munthu popanda kalata ya woweruza ngati wampezerera akucita colakwaco.

Aliponso amene nchito yao ndi kuona za ogwidwa. Wosauka amene alibe ndalama ya loya angapemphe womuimira pa mlandu ku ofesi ya IPAJ, kwaulere. Bungwe la boma loona za ufulu wa anthu, CNDH, lidayamba nchito mu 2012, ndipo lili ndi mphamvu yoyendera ndende ndi zitokosi. Caka comweco adasankhidwa Provedor de Justiça woyamba, amene amalandira madandaulo a anthu pa za ogwira nchito m'boma.

Koma maofesi amenewa sangaone citokosi ciliconse tsiku lililonse. Maso oyamba ndi athu. Mbale kapena mnansi akagwidwa, tifunse mwaulemu mlandu wake ndi kumene akupita naye. Tilembe tsiku ndi ola limene wagwidwa. Timperekere cakudya, timuone ngati ali bwino. Masiku awiri akapita, tikafunse ngati waonana ndi woweruza. Tisapite mmodzi, pakuti cala cimodzi siciswa nsabwe. Ndipo tisadinde cala pa pepala limene sitidawerenge kapena kuwerengeredwa ndi munthu amene timamkhulupirira.

Ici ndi cifukwa cina cimene timabwerera ku sukulu ya kwaca titaweruka kumunda. Wodziwa kulemba tsiku angathe kuwerenga maola 48 aja. Wodziwa kuwerenga pepala savomera mlandu umene saudziwa.

Mafunso okambirana

1. Kodi kwanu wakuba akagwidwa, anthu amacita naye ciyani?
2. Cifukwa ciyani mau a munthu womenyedwa sangakhulupirike?
3. Wogwidwa ayenera kuonekera kwa woweruza asadapite maola angati?
4. Lembani tsiku la lero ndi ola lino m'kope lanu.