Mlandu wa Botolo Lotsekedwa

Ku Cremisan, pafupi ndi Beit Jala ndi Bethlehem, pamalo amene tsopano ndi a chipani cha Don Bosco, vinyo wakhala akupangidwa kuyambira chaka cha 1885. Malo ake si aakulu ayi, ndipo zina mwa mphesa zawo ndi za mtundu wa komweko, monga Dabouki, Hamdani ndi Jandali. Tiyeni tilingalire za tsiku limene vinyo wa pamalo otere amachoka m'migolo kuloŵa m'mabotolo, pakuti tsiku limeneli limayesa chikumbumtima cha munthu.

Ntchito yake imaoneka yopepuka: botolo litsukidwe, liume, lidzazidwe mpaka m'khosi, litsekedwe msanga. Changu chimenechi nchofunika, chifukwa mpweya ndi tizilombo tosaoneka ndi maso zikakumana m'vinyo, vinyoyo amasasa, monga adalongosolera Louis Pasteur m'buku lake la mu 1866. Vinyo akali mumgolo, mwini wake angathe kumulaŵa, kumusefa kapena kumudikira. Chitsekerero chikangoloŵa, palibenso chimene angakonze.

Wogula ufa pamsika amayamba wautapa m'manja. Wogula thobwa amapempha kulaŵa. Wogula vinyo sangatero. Iye amatulutsa ndalama zake pokhulupirira kapepala komatidwa pabotolo, ndipo kapepalako ndi lonjezo loperekedwa kwa munthu amene wopangayo sadzakumana naye. Ngakhale wansembe ali m'gulu lomweli. Lamulo 924 m'Malamulo a Eklezia a mu 1983 limafuna kuti vinyo wa pa Misa akhale wa mphesa zenizeni ndiponso wosawonongeka, komatu wansembe wa kuparishi yakutali alibe zida zopimira. Amatsira m'chikho chimene manja a anthu osadziŵika adatsekera m'botolo.

Tsono tiyerekeze kuti pamalo ena opangira vinyo wantchito watopa dzuŵa litapendeka, ndipo wapititsa botolo limodzi losatsuka bwino. Palibe wamuona. Kuipa kwake kudzaoneka patapita miyezi, mwina kudziko lina, ndipo dzina lake silidzatchulidwa. Kodi ameneyu walakwira yani?

Ena amati popanda wodandaula palibe mlandu. Kubwalo la amfumu mawu ameneŵa angamveke, koma m'mtima samveka. Wolakwiridwayo alipo ndithu, kungoti sanafike. M'chaka cha 1986 ku Italy anthu ena adathira mankhwala a methanol m'vinyo wotsika mtengo kuti aoneke wamphamvu. Omwa ena adamwalira, ena adachita khungu. Sitikuyerekeza wantchito wotopa uja ndi akuphaŵa; umbombo wokonzekera ndi ulesi wa kamphindi nzosiyana kutali. Komabe onseŵa adalimba mtima ndi chinthu chimodzi, ndicho chakuti nkhope ya womwayo sankaiona. Akadati amwe ndi mayi wake, wantchitoyo akadalitsukanso botololo, ngakhale msana ukupweteka.

Pali wina amene timamuiŵala kaŵirikaŵiri pokamba nkhani zotere, ndiye mwini ntchito. Ngati iye walamula kuti mabotolo akutiakuti adzazidwe dzuŵa lisanaloŵe, koma anthu walemba ochepa ndi malipiro operewera, ndiye kuti botolo losatsukalo walipititsa ndi iyenso, ngakhale sanalikhudze. Dzina lolembedwa pakapepala paja ndi lake, phindu ndi lake. Ndipo m'maganizo anga, gawo lalikulu la mlanduwu lili pakhomo pake.