Kavalo pakati pa nkhosa

Munthu wa nkhosa khumi akandiuza kuti akukonzekera kugula kavalo wake woyamba, sindimufunsa mtengo. Ndimamufunsa kuti, kodi kunyumba mwagwirizana?

Kavalo amamwa malita 30 kapena kuposa pa tsiku, ndipo kubusa amadya ngati nkhosa zisanu. Kuno ku Angónia, mu Okutobala udzu utapsa, madziwo adzasenza ndi ana ndi amayi awo, ndipo kadambo kotsalako nkhosa zidzagawana ndi mlendo. Onsewa kumsika kunalibe.

Ena amati ndalama ndi zako, uchite nazo zimene ukufuna. Pamenepo ine ndimakana. Nkhosa ikakukanika umaigulitsa, kapena imathandiza pamaliro. Kavalo kuno womugula ndi wosowa, nyama yake sitidya, ndipo amakhala ndi moyo zaka 25 mpaka 30. Amene akumugula lero akusenzetsa katundu ngakhale mwana amene ali kumbuyo. Ziboda zake zimafuna kusemedwa pakapita miyezi iwiri, ndipo m'mudzi mwathu wodziwa ntchitoyi ndani? Ngakhale waya waminga amene umatchingira nkhosa bwinobwino, kavalo akadzidzimuka usiku umamung'amba miyendo.