Kodi Nzeru Nzobadwa Nazo?

Pali mawu amene amamveka kumtunda, akuti ana a pa chilumba cha Likoma amabadwa ndi mutu. Anthu a ku Khuyu ndi midzi yoyandikana nayo amakondwa akamva zimenezi, ndipo sindiwadzudzula. Ndani amakana kutamandidwa? Komabe, abale anga, tiyeni tiwayese mawuwa ngati alidi oona, pakuti kholo limene lawakhulupirira limalera mwana wake mwa njira ina.

Likoma ndi chilumba cha miyala ndi malambe. Nthaka yake njoguga, ndipo mbewu imene imapirirapo kwambiri ndi chinangwa. Pamene amishoni a Anglican, Chauncy Maples ndi William Percival Johnson, anakhazika mishoni pachilumbapa m'zaka za m'ma 1880, anatsegula sukulu, ndipo anthu osowa minda yaikulu anaona kuti sukuluyo ndiyo munda wao. Anailima mbadwo ndi mbadwo, kufikira pachilumba chaching'ono chotere panatuluka aphunzitsi, ansembe ndi akalaliki amene anakagwira ntchito m'Nyasaland monse ndi kunja komwe. Magazi ao sanasiyane ndi a anthu ena a m'mbali mwa nyanja. Chimene chinasiyana ndi chakuti mwana ankapita kusukulu tsiku ndi tsiku, mudzi wonse ukumyang'anira.

Taonani tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera chimene anayamba kumanga mu 1903. Amene anachijambula anali ndi luso ndithu, koma chojambula papepala sichitchinjiriza munthu ku mvula. Mwala uliwonse unachita kusenzedwa.

Sindikunena kuti ana onse ngofanana. M'fanizo la matalente, Ambuye sanagawe mofanana. Koma wantchito amene anadzudzulidwa sanadzudzulidwe chifukwa cholandira pang'ono ayi, koma chifukwa chokwirira pansi chimene analandira. Ndipo ife makolo timathandiza ana kukwirira, ngakhale ndi mawu okoma. Mu 1998 akatswiri awiri a ku America, Claudia Mueller ndi Carol Dweck, anapatsa ana a sukulu mafunso, nayamikira ena kuti ngochenjera, ena kuti alimbikira. Atabwera mafunso ovuta, oyamikiridwa chifukwa cha nzeru anagwa mphwayi msanga, poopa kuti ulemu wao uwachokera. Anzao aja anapitiriza kuyesa. Mwana amene wauzidwa kuti anabadwa wanzeru amaona kulephera ngati manyazi oyenera kubisa. Wouzidwa kuti alibe mutu, iye saonanso chifukwa chovutikira. Onse awiri aleka khasu.

Makolo athu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Koma kudekha kumafuna nthawi, ndipo apa mpamene mlandu ukutigwera ife akuluakulu. Nkosavuta kulamula mwana kuti alimbike. Mnyamata amene wachezera usiku wonse panyanja ndi nyali za usipa, kapena mtsikana amene watunga madzi, kukonola chinangwa ndi kulera mng'ono wake kufikira mdima, akafika m'kalasi amawodzera, ndipo pakutha pa chaka timati sukulu yamkana. Mwanayo ndi wakhama kale. Khama lakelo tinalitengera kwina ndife.

Inu akatekisti, kholo likadzakuuzani kuti mwana wake alibe mutu, musayambe mwalitonthoza. Lifunseni kuti mwanayo anagona nthawi yanji dzulo, ndiponso kuti wajomba masiku angati mwezi uno.