Miyendo ya ku Ntcheu pa Phula la Mumzinda: Mfundo Zofunika kwa Ofuna Kuthamanga Marathon

Msewu wa M1 umadutsa m'boma la Ntcheu kuchokera ku Lizulu, kudzera pa Mlangeni ndi Biriwiri, mpaka kukatulukira cha ku Manjawira ndi Senzani. Kumpoto kwake kuli Lilongwe, kummwera kuli Blantyre, ndipo mizinda iwiriyi ili ndi mipikisano yothamanga yodziwika. Ku Blantyre kumachitika marathon yathunthu ya makilomita 42.195, pomwe ku Lilongwe kuli Be More Race ya makilomita 21 imene Standard Bank idayambitsa mu 2017. Ochokera mzinda wina kupita ku unzake amaima pa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off kugula mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato, kenaka n'kupitirira. Amene amasenza matumbawo ndi achinyamata a miyendo yolimba, ena mwa iwo oti akadaphunzitsidwa bwenzi akuwasiya m'mbuyo eni galimotowo. Mfundo izi ndi za iwowo, makolo awo, ndi aliyense amene mtima wake ukumuuza kuti akayeseko mpikisano wa mumzinda.

1. Mphamvu za kumunda sizikwanira pazokha

Munthu amene amakankha njinga yodzaza mbatata pa zitunda za ku Tsangano ali ndi mphamvu, palibe angatsutse. Koma marathon imafuna mtima, mapapo ndi minofu zozolowera kugwira ntchito imodzimodzi kwa maola angapo osapumira, ndipo kuzolowera kumeneko kumabwera pakatha miyezi. Woyamba kumene amafunika miyezi inayi kapena kuposerapo, akuthamanga masiku angapo pa sabata, akuwonjezera mtunda pang'onopang'ono, ndipo tsiku limodzi pa sabata athamange mtunda wautali mofatsa. Masiku opuma nawonso ndi gawo la maphunzirowo, chifukwa minofu imakula pamene ikupuma.

Apa anthu a kumtunda kwa Ntcheu ali ndi mwayi umene ambiri saudziwa. Akatswiri a ku Kenya amakonzekera ku Iten, tauni imene ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,400 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Kumalo okwera mpweya umakhala wopepuka, choncho thupi limapanga maselo ofiira ambiri a magazi kuti litolere mpweya wokwanira, ndipo munthu wotere akatsikira kumalo otsika amathamanga mosavutikira kwambiri. Mapiri a Kirk Range sakufika pa Iten, komabe mwana wokulira ku Tsangano ndi wosiyana ndi wokulira ku chigwa cha Bwanje kumene kumatentha. Mphatso imeneyi amaipeza osailipira. Chimene chimasowa ndi munthu womudzutsa mamawa ndi kumuwerengera nthawi.

2. Kuthamanga si kufika

Akuluakulu adanena kale mawu amenewa, ndipo pa marathon amaoneka ndi maso. Poyambira pamakhala khwimbi la anthu, nyimbo, mawu a pa chimkuzamawu, ojambula. Magazi amatentha. Mnyamata amene sadalowepo m'gulu lotere amaona anzake akunyamuka ngati akuthawa moto, iyenso n'kutengeka, ndipo makilomita 10 oyamba amawamaliza akudzimva kuti lero ndi lero.

Thupi lili ndi malire ake. Mphamvu imene limasunga m'minofu ndi m'chiwindi kuchokera ku nsima, mpunga kapena mbatata imayamba kutha munthu akafika cha pa kilomita 30, ndipo amene adayamba ndi liwiro loposa msinkhu wake imamuthera msanga. Miyendo imalemera, mutu umazungulira, minofu imakokana, ndipo makilomita 12 otsalawo amasanduka chilango. Pamenepo ndi pomwe nkhalamba ija mudaipitirira mukuiseka imakudutsani mwakachetechete.

Kelvin Kiptum wa ku Kenya atathamanga maola 2 ndi masekondi 35 ku Chicago mu Okutobala 2023, n'kuphwanya mbiri ya dziko lonse, theka lachiwiri la mpikisanowo adalithamanga mofulumira kuposa loyamba. Ngati katswiri wotere ankadzigwira poyamba, nanga inu? Ine ndimaona kuti khalidwe la munthu limaonekera pa makilomita asanu oyamba, pamene aliyense akadali ndi mphamvu zodzionetsera. Wodziletsa pamenepo ndi yemweyo amene akagulitsa mbatata mu Julayi amasungako ndalama ya feteleza.

3. Werengani ndalama musanakwere minibasi

Mpikisano wa mumzinda ndi ulendo, ndipo ulendo umadya ndalama: yolembetsera, thiransipoti yopita ndi yobwerera, pogona, chakudya. Mipikisano yotere imayamba m'bandakucha, kotero simungachoke pa boma la Ntcheu tsiku lomwelo n'kukaupeza. Muyenera kukagona konko, ndipo ngati mukudalira achibale a ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni, auzeni nthawi ikadalipo, musangotulukira ndi chikwama usiku.

Cholakwa chachikulu ndi kuwerengera mphotho. Mwa anthu mazanamazana oyamba mpikisano, olandira ndalama ndi ochepa kwambiri. Kugulitsa mbuzi ya banja kapena kutenga ngongole ya katapira n'chiyembekezo choti mukabweza ndi mphotho ndi juga, ngakhale mutavala yunifolomu ya masewero. Ndipo mpikisano umatha kulephereka. Mu 2012 marathon ya ku New York idaimitsidwa chifukwa cha namondwe wa Sandy, anthu ambiri ochokera maiko akutali atafika kale mumzindamo. Pitani ndi ndalama imene mungathe kuitaya ana osagona ndi njala.

4. Tsiku la mpikisano si loyesera zachilendo

Nsapato yatsopano imatulutsa matuza. Ya pakaunjika imene mwathamanga nayo kwa miyezi iwiri ndi yabwino kuposa yodula imene mwagula dzulo mu Limbe. Ena amakonda kutchula Abebe Bikila wa ku Ethiopia, amene adapambana marathon ya Olimpiki ku Rome mu 1960 wopanda nsapato, koma amaiwala kuti mapazi akewo adali atazolowera kale. Phula ndi louma kuposa msewu wafumbi wa ku Nsipe kapena ku Kasinje, ndipo likatenthedwa ndi dzuwa limawotcha. Yesanikoni kuthamanga pa phula mpikisano usanafike, koma m'mbali mwa M1 muzithamanga moyang'anizana ndi galimoto, chifukwa mathiraki a pamsewu umenewu sadziwa kuti mukukonzekera mendulo.

Mimba nayo ili ndi zake. Usiku woti mawa n'kuthamanga idyani chimene mumadya kwanu. Tchipisi cha mafuta ambiri ndi kanyenya wa pamsika zidikire.

Kuona malo nakonso kudikire. Blantyre ili ndi zoti mlendo aone: tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chidamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, nyumba ya Mandala ya mu 1882, nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri. Koma munthu amene wayendayenda tsiku lonse loti mawa n'kuthamanga akuzungulira mumzinda amakafika poyambira miyendo itatopa kale. Thamangani kaye, mukaone malo pambuyo pake, ngakhale mukutsimphina.

5. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi

Pali malo ochepa mumzinda pamene bwana wa kubanki, msilikali, mayi wogulitsa mandasi ndi mnyamata wa kabaza amaima pamzere umodzi, kuyembekeza mluzu umodzi, kuyenda mtunda umodzi. Marathon ndi amodzi mwa malo amenewo. Wa kumudzi asadziderere poona nsapato zonyezimira ndi mawotchi a anzake. Wotchi imawerenga nthawi, siithamanga.

Kufanana kumeneku sikudabwere kokha. Comrades Marathon ya ku South Africa, imene imathamangidwa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90, idayamba mu 1921, koma anthu akuda ndi amayi adaloledwa kulowa mwalamulo mu 1975. Munthu wakuda woyamba kupambana, Sam Tshabalala, adatero mu 1989, ndipo pambuyo pake Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe adapambana zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 2009 mpaka 2011. Ku Boston mu 1967 mmodzi wa oyendetsa mpikisano adathamangira Kathrine Switzer kuti amuchotse nambala ya pachifuwa chifukwa chakuti adali mkazi. Marathon ya amayi idalowa m'masewero a Olimpiki mu 1984 mokha.

Kuno kwathu chipata sichitsekedwa ndi lamulo, chimatsekedwa ndi pakamwa. Mtsikana akavala kabudula n'kuyamba kuthamanga m'mawa, m'mudzi mumayamba manong'onong'o: akufuna amuna, sadzabereka, wapenga. Zonsezi n'zabodza. Tereza Master adathamanga marathon ya Olimpiki ku Rio de Janeiro mu 2016 atanyamula dzina la Malawi, monga momwe Mike Tebulo adachitira ku London mu 2012. Makolo, ngati mukuopa kuti mwana wanu wamkazi angakumane ndi zoipa panjira, mantha amenewo ndi omveka. Yankho lake ndi kumupezera anzake othamanga nawo kapena mlongo wake womuperekeza pa njinga. Kumuletsa ndi kumulanga chifukwa cha zolakwa za ena.

6. Mendulo yakuba

Mu 1999, pa Comrades, abale awiri a banja la Motsoeneng adapangana zothamanga mosinthana. Ankalowa m'zimbudzi za m'mbali mwa msewu n'kusinthana malaya ndi nambala, ndipo adamaliza pa nambala 9, malo olandira mendulo ya golide. Adagwidwa ndi zithunzi: wothamanga wa nambala imodzimodziyo ankaoneka wotchi ili kudzanja ili, kwina ili kudzanja linalo. Adalandidwa zonse. Adali achinyamata osauka, ndipo aliyense wodziwa umphawi angamvetse chimene chidawakopa, koma mpaka lero dzina lawo likatchulidwa anthu amakumbukira zimbudzi zija, ngakhale adali othamanga enieni oti akadatha kupambana mwachilungamo.

Mumzinda muli njira zachidule zambiri, ndiponso akabaza oti angakunyamuleni makilomita atatu wina osaona. Mulinso ogulitsa mankhwala amene amati amawonjezera mphamvu. Mukabwerera kumudzi ndi mendulo yotere, ana a sukulu adzaigwira ndi ulemu, ndipo inu nokha mudzadziwa chimene akugwira.

7. Kudziwa polekera

Kupirira n'kofunika, koma si ululu uliwonse umene uli wopirira. Kutopa kwa miyendo n'kwa aliyense. Kupweteka kwa pachifuwa, chizungulire, kusokonezeka mutu, kapena kuleka kutuluka thukuta dzuwa likuswa mtengo ndi zizindikiro zoti muime ndi kuitana achipatala. Amene wadzuka ndi malungo kapena thupi likutentha asayambe n'komwe, ngakhale atalipira kale zonse. Madzi imwani pang'onopang'ono pa malo omwera, chifukwa kusamwa kumavulaza, ndipo kumwa mopitirira muyeso kumasungunula mchere wa m'magazi, zomwe nazonso zimapha.

Mtunda wa makilomita 42.195 udachokera ku Olimpiki ya ku London ya mu 1908. Pa marathon ya chaka chimenecho Dorando Pietri wa ku Italy adalowa m'bwalo ali patsogolo, koma adagwa kangapo, oyang'anira n'kumudzutsa mpaka kumuwolotsa mzere. Adamuchotsa pa mndandanda chifukwa chothandizidwa, ndipo chipambano chidapita kwa Johnny Hayes wa ku America. Pa Comrades, maola 12 akakwana mfuti imalira ndipo mzere umatsekedwa. Amene watsala ndi mapazi awiri okha amabwerera wopanda mendulo. Ena a iwo amalembetsanso chaka chotsatira, chifukwa adabwerera amoyo.

8. Mukabwerera kwanu

Ku Mulanje kuli Porters' Race, mpikisano wa pa phiri umene udayamba ngati wa anyamata onyamulira alendo katundu, koma lero umakopa othamanga ochokera kunja kwa dziko. Adaumanga ndi zimene adali nazo: phiri ndi miyendo ya anthu ake. Ntcheu ili ndi zitunda, mphepo yozizira, msewu waukulu wobweretsa alendo kuchokera mbali zonse ziwiri, komanso mwambo wa Umhlangano wa Angoni a Maseko umene umasonkhanitsa anthu ku Nkolimbo chaka ndi chaka pansi pa Inkosi ya Makosi Gomani. Anyamata amene amavina ngoma tsiku lonse osatopa ali kale ndi mapapo a wothamanga.

Inu amene mwathamangapo ku Blantyre, ku Lilongwe, kapena amene muli ku Joni ndipo mwalawako Comrades, musangopachika mendulo kukhoma. Pitani pa sukulu ya pulayimale ya kwanu mukaonane ndi aphunzitsi a zamasewero, muyeze nawo njira ya makilomita asanu, mupeze wotchi ndi kope lolembamo nthawi za ana. Nsapato zimene zakucheperani muzisiye pomwepo. Ndipo inu a khonsolo, mafumu ndi amalonda a pa Lizulu ndi pa boma, mnyamata kapena mtsikana akabwera kudzapempha ya thiransipoti yopita ku mpikisano, mufunseni kope la nthawi zake. Ngati alinalo, mulipirireni minibasi.